Kalata kwa akuluakulu a ku Bunda: njinga za makala zimadutsa pakhomo panu

Kwa a Vice Chancellor a yunivesite ya LUANAR ndi khonsolo yawo, kwa Mkulu wa Dipatimenti ya Zankhalango, ndi kwa Bwanamkubwa wa boma la Lilongwe,

Zikomo akuluakulu. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito wa kuno ku Mitundu. Choko ndinagwira zaka zochuluka m'sukulu za pulayimale za chigawo chino, ndipo imodzi mwa sukuluzo ili m'tsinde mwenimweni mwa mapiri a Dzalanyama. Kalatayi ndikanatha kuisiya kwa mlonda wa pageti, koma ndasankha kuti iwerengedwe poyera, chifukwa nkhani yake si ya ine ndi inu nokha. Ndi ya mayi wogulitsa tomato kunja kwa mpanda wanu, ya mnyamata wa kabaza, ndi ya aliyense wa mu Lilongwe amene amatsegula mpopi m'mawa. Mundikhululukire ndikalankhula mosazungulira. Galu wamkota sakandira pachabe.

Inu mukagona, msewu wanu sugona. Kuyambira tambala woyamba, pamsewu wochokera ku Mitundu kulowera ku Bunda Turn Off pamadutsa njinga za makala, zina zitandondozana, zina payokhapayokha. Matumba ake si aja wamba a makilogalamu 50. Ndi thumba lolumikizidwa pamwamba ndi timitengo ndi luzi mpaka kutalika kuposa mwini wake, ndipo panjinga imodzi pamakhala awiri kapena atatu. Njingayo inalimbitsidwa ndi masipoko okhuthala ndi kaliyala yowotcherera. Mabuleki anatha kalekale. Potsetsereka munthu amaponda tayala ndi nkhwayira. Pachitunda sapalasa, amakankha, mutu uli pansi, thukuta likusakanikirana ndi fumbi la makala. Dzuwa likamatuluka amakhala atafika ku Area 36, ku Biwi, ku Mchesi, ku Kawale. Masana amabwerera njinga ili yopepuka, atamangirira kathumba ka ufa kapena kabotolo ka mafuta ophikira. Popita ndi pobwera amadutsa pafupi ndi sukulu imene imaphunzitsa za nkhalango mpaka digiri, ndipo ambiri mwa iwo sanapondemo ndi tsiku limodzi.

Mmodzi wa anthu amenewa ndinamuphunzitsa ndine. Ali Sitandade 7 ankasinza m'kalasi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ine, mwa umbuli wanga, ndinkamupatsa chibalo chosesa. Tsiku lina ndikuchonga kope lake ndinaona zikhadabo zakuda bii, ndipo masamba a kopelo anali ndi zidindo za zala. Ndi pamene anandiuza kuti usiku amathandiza bambo ake kukankha njinga mpaka apitirire zitunda, kenako n'kubwerera wapansi kudzalowa m'kalasi. Masamu a pabolodi ankamuvuta, koma nditamufunsa za thumba la makala anandiwerengetsera pamtima: mtengo wa pauvuni, ya wonyamula kutulutsa m'nkhalango, ya chipisi cha panjira, yomatitsira tayala, ndi imene imapita tsiku limene njinga yalandidwa. Sanaphonye ndi tambala yomwe. Mayeso a Sitandade 8 sanalembe. Lero ndi bambo wa ana atatu, ali ndi njinga yakeyake, ndipo tikakumana amatsika kudzandipatsa moni, manja atabisa kumbuyo kuopa kundidetsa malaya. M'mapepala a kumisonkhano munthu ameneyu amatchedwa wowononga chilengedwe. Ine ndimaona mwana wasukulu amene tonse tinamutaya, ndipo funso la kalatayi ndi lakuti: kodi yunivesite ili ndi kanthu komuuza?

Sukulu yanu si mlendo kuno. Bunda inayamba m'zaka zoyambirira za ufulu wathu, ndipo mu 1967 inakhala gawo la University of Malawi. Mu 2012 inaima payokha monga LUANAR, kenako n'kuphatikizana ndi Natural Resources College ya kunjira ya ku Mchinji. Pomanga Bunda panalowa thandizo la dziko la America, ndipo akatswiri a University of Massachusetts anagwira nawo ntchito yoyambitsa maphunzirowo. Ndatchula izi chifukwa kwawoko sukulu zotere zili ndi mwambo wake. Lamulo la mu 1862 linapereka malo ku zigawo za dzikolo kuti pakhale makoleji a zaulimi, ndipo lina la mu 1914 linakhazikitsa ulangizi wochokera ku makolejiwo kupita kwa alimi. Mpaka lero m'maboma ambiri a kumidzi ku America muli kaofesi ka yunivesite, kumene mlimi amapita ndi tsamba lodwala kapena dothi la m'munda mwake n'kuyankhidwa. Nyumba ndi mabuku tinatengera. Khomo lija lotsegukira mlimi ndi limene ndikupempha kuti likuzidwe, ndipo oyamba kulowapo akhale anansi amene mumamwa nawo madzi a dambo limodzi.

Ndisakhale wosayamika. Bunda yatidyetsa. Ambiri a kuno anaphunzitsa ana ndi malipiro a kufamu ndi kukhitchini kwanu. Ophunzira akatsegulira dera lonse limadzuka: lendi, kabaza, mandasi, kanyenya, okonza mafoni, ochapa zovala. Akatsekera pamsika pamachita zii ngati pagwa maliro, ndipo mayi amene anatenga ngongole ku banki m'khonde amayamba kuwerenga masiku. Koma taonaninso mbali inayo. Ophunzira atachuluka kuposa malo ogona a mkati, anthu anathamangira kumanga timanyumba ta lendi, ndipo timanyumbato ndi ta njerwa zowotcha. Uvuni uliwonse wa njerwa unadya mitengo. Ophunzira okhala kunjawo, magetsi akathima, amayatsa mbaula. Motero wophunzira za nkhalango amatha kuwerenga za kutha kwa Dzalanyama, nyemba zake zikuwira pa makala a ku Dzalanyama komweko. Sindikumuseka ayi; inenso tiyi amene ndikumwa polemba kalatayi wawira pa makala. Ndikungonena kuti ndalama ya yunivesite ikatuluka pageti, ina imakafika m'nkhalango itasanduka nkhwangwa, kaya mwafuna kaya simunafune. Ndiye simungakhale ongoonerera.

Dzalanyama inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 98,000, kuyambira ku Dedza, kudutsa Lilongwe mpaka ku Mchinji, motsata malire a Mozambique. Kwa ife Achewa si mitengo chabe. Kumeneko ndi ku Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi pathanthwe lisanaume, ndipo ku Msinja ndi kumene Makewana ankapempha mvula. Amene za makolo sizimukhudza aganizire mpopi wake. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri amenewa n'kudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo madzi a mumzinda amachokera kumeneko. Mtsinje wa Diamphwe nawonso umayambira komweko. Phiri likavulidwa, mvula silowa pansi. Imathamanga pamwamba itasenza dothi n'kukalitula m'damu, ndipo pofika Okutobala timitsinje timene tinkasambamo tili ana timakhala mchenga wokhawokha. Lero tikukamba zokoka madzi kunyanja ku Salima, mtunda woposa makilomita 100, pamene mtsuko umene Chauta anatiikira kuseri kwa nyumba tikuuboola tokha.

Boma silinagone. Mu 2015 asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi. Mu 2020 lamulo la zankhalango la mu 1997 linakonzedwanso, zilango n'kukhwima. Njinga zalandidwa, mauvuni aphwasulidwa, anthu alowa m'ndende. Ine lamulo sindilitsutsa. Popanda mlonda nkhalangoyi ikanatha kale. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi ena oposa 1.6 miliyoni m'midzi ya bomali, ndipo ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imavomereza kuti mabanja oposa 97 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Miphika yonseyo imafuna moto madzulo alionse. Mukagwira njinga khumi, thumba limakwera mtengo m'tauni, ndipo likakwera, anyamata ena amene fodya wawo sanagulidwe bwino amanola nkhwangwa. Msilikali angathamangitse munthu lero, koma sangamuonetse njira ina yopezera ufa wa mawa. Ntchito imeneyo ndi ya anthu a nzeru za mitengo, ndipo anthuwo ali kwanu.

Tabwerani tikaone uvuni. Munthu amagwetsa mombo, tsamba, muwanga, chilichonse cholimba, amadula zipika n'kuziunjika zikadali zaziwisi chifukwa akuopa kugwidwa. Amafolera ndi udzu ndi masamba, n'kukwirira ndi zibuma, kusiya kabowo koyatsira. Masiku angapo amagona chapafupi, akumata paliponse pamene utsi waboola. Akagona tulo tofa nato, dothi limagumuka, mphepo n'kulowa, m'mawa amapeza phulusa. Ngakhale zitayenda bwino, pa makilogalamu 10 a nkhuni amatolapo kilogalamu imodzi kapena ziwiri za makala. Zotsalazo zapita kumwamba. Inu mukudziwa kuti nkhuni zoumitsa kaye, zosanjidwa bwino, mu uvuni wokhala ndi chumuni ngakhale cha migolo yakale, zimatulutsa makala ochuluka pa mitengo yomweyo. Koma nzeru imeneyi ilibe ntchito kwa munthu wowotcha mozemba. Wothawa sadikira kuti nkhuni ziume. Imagwira ntchito pokhapokha mtengowo uli wake, uli pamunda pake kapena m'nkhalango ya mudzi wake, ndipo m'thumba muli chiphaso.

Lamulo limalola makala ochokera ku mitengo yosamalidwa bwino, bola pakhale laisensi. Ku Chikangawa, kampani ya Kawandama Hills Plantation inaonetsa kuti zimatheka, ndi makala a bulugamu uja wonunkhira mandimu. Koma kuti munthu apate laisensi pamafunika ndondomeko yolembedwa ya kasamalidwe ka mitengo: malowo ndi aakulu bwanji, mitengo ilipo ingati, idzadulidwa liti, idzabwerera motani. Kampani imalemba katswiri. Nanga gulu la anthu khumi ndi asanu a m'mudzi lilembe yani? Apa ndi pamene ndimakuonani. Chaka chilichonse ophunzira anu omaliza amasaka mutu wa kafukufuku ndi malo ochitira pulakitiko. Bwanji aliyense asapatsidwe mudzi umodzi wa m'mphepete mwa Dzalanyama, ayeze nkhalango ya mudziwo pamodzi ndi komiti yake, alembe nawo ndondomekoyo, mphunzitsi wake asayinire, ndipo malikisi ake adalire ngati pepalalo lafikadi ku ofesi ya zankhalango? Wobwera chaka chotsatira apitirize pamene mnzake analekera, m'mudzi womwewo, osati kuyambanso kufunsa dzina la nyakwawa.

Ndipo oyamba kugula mukhale inu. Sukulu yaikulu ngati yanu imadya zambiri: moto wa kukhitchini, matabwa a madesiki ndi mabedi, mapolo, mazira, ndiwo zamasamba. Mutalengeza kuti kuyambira chaka chakuti mudzagula nkhuni ndi makala a chiphaso okha, kwa magulu a m'midzi yoyandikana nanu, pamtengo wodziwika, ndipo mutagwirizana ndi eni nyumba za lendi kuti nawonso azitero, munthu angadzale bulugamu, kesha kapena nsungwi akudziwa kumene adzagulitse. Mlimi wa kuno si waulesi. Amalima fodya, mbewu yotopetsa kuposa zonse, chifukwa okushoni ilipo. Mtengo sautekesekera chifukwa ulibe okushoni yake, ndipo mwana sadya mthunzi. Fodya yemweyo, tisaiwale, amadya mphanda ndi mikangala ya zigafa chaka ndi chaka. Kamunda ka mapolo m'mbali mwa dimba kangapeze msika ngakhale kwa mnansi. Akalipentala a pa Mitundu nawonso amalira matabwa, poti mlombwa ndi m'bawa zinasanduka nthano. Pa njerwa, makina amodzi oumbira za dothi ndi simenti zosawotcha, obwerekedwa kwa omanga nyumba za lendi, angapulumutse mitengo yambiri kuposa chikwangwani choletsa.

Tsopano za kudzala, zimene zimandiwawa mtima kwambiri. Nthawi ya Kamuzu tinali ndi tsiku lodzala mitengo mu Januwale. Lero tili ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo dziko linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Ine ndatsogolera ana kudzala mitengo zaka zambirimbiri, ndipo mwambo wake ndimaudziwa. Mbande zimafika mochedwa, zina mizu itapiringizana m'machubu. Mlendo wolemekezeka amadzala umodzi, amathirira ndi kheni yatsopano, amayi amaimba, galimoto zimapita. Pofika Ogasiti mbuzi zadya, chiswe chadya, moto wa osaka mbewa wamaliza. Chaka chotsatira timakumbanso maenje pamalo omwewo. Owerenga mbande zogawidwa ndinawaona ambiri. Wowerenga mitengo yopulumuka sanafikepo pasukulu pamene ndinali. Kwa inu ntchito imeneyi ndi yophweka: ophunzira, tepi, kope, ndi foni yojambulira. Muziwerenga mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndipo zotsatira muzizipachika kwa T/A ndi kuzilengeza pawailesi, mudzi ndi mudzi, kuti tidziwe mtundu umene ukupirira dothi lathu ndi nazale imene ikutigwiritsa fuwa la moto.

Palinso chinthu chimene agogo athu ankachidziwa galimoto za mbande zisanabwere. Mtengo wachilengedwe ukadulidwa sufa msanga. Chitsa cha mombo kapena msuku chimaphuka, ndipo mizu yake, poti inazama kale, imakankha mphukira mofulumira kuposa mbande ya m'chubu. Chimene chimapha mphukirazo ndi moto wa mu Seputembala ndi Okutobala udzu utauma gwa, mbuzi, ndi munthu wobwera kudzazula chitsacho. Mukapatulira, kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kulambula njira yotchinga moto kapena kutentha udzu msanga usanaumitsitse, tchire limabwerera lokha. Umboni uli m'mudzi uliwonse: kumanda. Yendani kuchokera ku Bunda mpaka ku Malingunde, muona minda ili mbee, koma apo ndi apo kamsitu kobiriwira ka mitengo ikuluikulu. Pamenepo palibe waya, palibe mfuti. Pali mfumu ndi mwambo wa kudambwe, ndipo munthu sayerekeza kulowetsamo nkhwangwa mwachisawawa. Ngati mukufuna kudziwa chimene chimasunga mtengo pakati pa Achewa, aphunzitsi ake ali kumeneko, ndipo ena mwa iwo amasayina ndi chala. Amayi ozula bowa nawonso angakuuzeni kuti bowa wina samera pamene mombo ndi msuku zinatha, zimene mabuku anu amafotokoza ndi ubale wa bowa ndi mizu ya mitengoyo. Mtengo woima umapatsa bowa, masuku, uchi ndi mphalabungu chaka chilichonse, koma zonsezi amayi amagulitsa motchipa pamsewu chifukwa sizichedwa kuwonongeka. Tithandizeni kuumitsa bowa mwaukhondo, kusefa uchi, ndi kuziika m'mapaketi oti alowe m'masitolo a mu Lilongwe, kuti munthu akamayang'ana mtengo aziona ndalama ya chaka chino ndi ya chaka chamawa.

Ndili ndi kadandaulo kamene ndakasunga nthawi yaitali. Chaka china kunabwera achinyamata ofufuza, kumene anachokera sinditchula, atanyamula mapepala a mafunso. Amfumu anandipempha kuti ndiwaperekeze. Masiku anayi tinayenda khomo ndi khomo: mumaphikira chiyani, nkhuni mumatola kuti, mumapeza zingati pamwezi, mbuzi muli nazo zingati. Amayi ena anasiya kupalira kuti ayankhe, ena anawaphikira maungu. Anatsanzika bwinobwino, nati adzabweranso ndi zotsatira. Mpaka lero. Anthu anayamba kundifunsa ine pamaliro kuti anzanu aja ali kuti, ena n'kumaganiza kuti ndinadyapo kanthu. Gulu lina litabwera patapita zaka, amayi omwewo anayankha zabodza dala, akuti bola zithe msanga apite kudimba. Taganizani, mabodza amenewo analowa m'kompyuta. Pempho langa kwa inu, monga sukulu imene imaphunzitsa ofufuza za kumidzi, ndi lakuti muike lamulo limene ena angatengereko: wofufuza asavale gauni asanabwerere kumudzi kumene anafunsa mafunso, n'kukaima pabwalo la mfumu kufotokoza m'Chichewa chimene anapeza. Tsamba limodzi la Chichewa, losiyidwa kwa mlangizi ndi kwa mphunzitsi wamkulu, lingagwire ntchito kuposa buku lachikuto cholimba logona m'laibulale.

Za sukulu ndiye kwathu. Kuyambira 1994, pulayimale itakhala yaulere, ana anadzaza m'makalasi, koma njira yochokera ku Sitandade 8 kukafika pageti lanu ndi yopapatiza ngati ya mbewa. Mwana wa kuno akasankhidwa, kawirikawiri amapita ku CDSS, ndipo ma CDSS ambiri alibe labotale yeniyeni. Kuti alowe maphunziro anu a sayansi ayenera kukhoza bwino Masamu, Bayoloje, Kemisitiri kapena Fizikisi pa MSCE, pamene botolo loyesera analiona pachithunzi cha m'buku. Akupikisana ndi mwana wa kusukulu yogonera konko. Phiri la Bunda amaliona tsiku lililonse popita kumjigo, koma sukulu imene ili m'tsinde mwake ili kutali kuposa Johannesburg, kumene akulu ake anakafika. Kasankhidwe ka dziko lonse si inu nokha amene mungakasinthe, ndipo sindikupempha kuti mwana wa kuno alowere pawindo. Ndikupempha kumapeto kwa sabata. Labotale imodzi yotsegula, basi imodzi, ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 a m'ma CDSS oyandikana nanu, ndi ophunzira anu amene angawaphunzitse n'kulandira malikisi pa ntchitoyo. Mtsikana wa m'tsinde mwa Dzalanyama akaona mtsikana mnzake atavala chovala choyera akuyeza dothi, nkhani ya ukwati imayamba kuchedwa yokha.

Kwa amene anatsalira kale, ngati mnyamata wanga uja, pakhale maphunziro a milungu iwiri kapena itatu, m'Chichewa, nthawi ya chilimwe ntchito ya kumunda itachepa, osafunsa satifiketi pakhomo: kufesa nazale, kulumikiza mango, kupachika ming'oma ya njuchi, kumanga uvuni wosawononga, kuumba chitetezo mbaula, kudzala mitengo ya gliricidia m'chimanga ndi kusunga msangu, mtengo uja umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kunenepetsa nthaka, kuti ngongole ya feteleza ichepe. Kapepala kokhala ndi chidindo cha yunivesite, munthu amene analekera Sitandade 7 amakapachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha ukwati.

Kwa inu a Dipatimenti ya Zankhalango ndi a Khonsolo ya Lilongwe, mawu anga ndi ochepa. Zonse ndanenazi zingafere pa desiki ngati chiphaso chitenga zaka. Mudzi ukabweretsa ndondomeko yosayinidwa ndi katswiri wa ku yunivesite, pakhale nthawi yodziwika yoyankhira, ndipo malipiro ake akhale oti gulu la m'mudzi lingakwanitse. Thumba la makala ovomerezeka likhale ndi chizindikiro chimene wapolisi wa parodibuloko angachione usiku ndi tochi, kuti wochita bwino asalandidwe pamodzi ndi wozemba. Ndipo mukakhala pansi ndi a Lilongwe Water Board kukamba za Dzalanyama, mufunse kuti pa ndalama imene wa m'tauni amalipira madzi, ndi zingati zimene zingabwerere ku midzi imene ikuuzidwa kuti isadule. Yunivesite ingawerengetse zimenezo mosakondera, popeza sigulitsa madzi ndipo sipempha mavoti.

Mudzati bajeti ndi yochepa, ndipo sindikutsutsani. Ndinadya malipiro a boma, ndikudziwa. Koma poyambira pake sipafuna ndi tambala yomwe. Sankhani tsiku limodzi mu Juni kapena Julayi, kukuzizira, pamene makala amayenda kwambiri. Mudzuke 4 koloko m'bandakucha, inu a Vice Chancellor, aphunzitsi a zankhalango, ndi ophunzira a chaka choyamba, mudzaime pamphambano yolowera kwanu, opanda wapolisi ndi opanda wojambula. Muwerenge njinga. Amene angalole kuima mum'patse tiyi, mum'funse kumene wachokera, masiku amene uvuni wake unatenga, ndi chimene chingam'siyitse. Ine ndidzabwera ndi fulasiki yanga, ndipo mnyamata wanga uja ndalankhula naye kale. Wati adzaima, bola musam'chedwetse kupitirira mphindi 20, chifukwa kasitomala wake wa ku Kawale sadikira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mitundu, Lilongwe